Kompyuta ikamachedwa kuyaka: kodi cache ya ma driver ndi yofufuta kapena yosunga?

Pa boma pa Dedza pali mayi wina amene ali ndi kashopu kotayipa makalata, kusindikiza ndi kufotokopa. Laputopu yake ndi yakale, anaigula kwa munthu wina ku Lilongwe. M'mawa akaiyatsa imatenga nthawi yoti n'kuwiritsa madzi a tiyi, pamene pakhomo paima kale mphunzitsi amene akufuna mayeso a ana asindikizidwe belu lisanalire. Anyamata awiri okonza mafoni ndi makompyuta anamupatsa malangizo otsutsana. Woyamba anati, "Amayi, cache yadzaza imeneyi, tiyeni tifufute zonse ipepuke." Wachiwiri anati, "Ayi amayi, musalole. Cache ndi imene ikuithandiza kuyaka, mukaichotsa ndiye muzidikira mpaka masana."

Mayiyo atandifunsa kuti wolondola ndani, ndinaona kuti yankho lake si la mawu awiri. Anyamatawo ankatchula dzina limodzi, koma aliyense anali ndi chinthu china m'maganizo. Mu kompyuta muli zinthu zingapo zimene anthu amazitcha cache, kutanthauza malo apafupi osungirako zinthu, ndipo sizigwira ntchito mofanana.

Zimene zimachitika mukadina batani

Mukadina batani loyatsira, Windows siyamba nthawi yomweyo. Choyamba kudzuka ndi kapulogalamu kakang'ono kamene kamakhala pa bolodi lalikulu la kompyutayo. Kale kankatchedwa BIOS, dzina la m'zaka za m'ma 1970 limene linafala ndi makompyuta a IBM PC a mu 1981. Makompyuta a masiku ano ali ndi UEFI, ntchito imene kampani ya Intel inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2005 makampani angapo anagwirizana zoisamalira pamodzi. Kapulogalamuka kamaona ngati memori, kiyibodi ndi disiki zilipo, kenako kamaitana dongosolo lenileni loyendetsa kompyuta, kaya ndi Windows, macOS kapena Linux.

Mtima wa dongosololi umatchedwa kernel. Kernel ikalowa m'memori imaitana ma driver, timapulogalamu tolankhulana ndi zipangizo monga pulinta ndi sikirini. Ma driver akakonzeka, mapulogalamu ogwira ntchito kuseri amayamba, kenako pamabwera sikirini yolembapo pasiwedi. Mukalowa, mapulogalamu ena amadziyatsa okha: oteteza ku mavairasi, ochezera, osungira mafayilo pa intaneti.

Nkhani ya cache ya ma driver imakhudza chigawo chapakati chokha. Ngati kompyuta ikukhalitsa pa chizindikiro cha HP kapena Dell Windows isanaoneke, vuto lili koyambirira ndipo cache sikukhudzidwa. Ngati imafika msanga pa pasiwedi koma mukalowa n'kumakanika kutsegula chilichonse, olakwa nthawi zambiri ndi mapulogalamu odziyatsa okha aja. Choncho funso loyamba ndi lakuti, ikuchedwera pati?

Driver ndi womasulira

Dzinali limasokoneza chifukwa tinazolowera dalaivala wa minibasi. Driver wa mu kompyuta sayendetsa kanthu, amamasulira. Amene anafikapo pa chipata cha Dedza cholowera ku Mozambique amadziwa mmene zimakhalira wina akamalankhula Chipwitikizi chokha, wina Chichewa chokha. Malonda sayenda mpaka papezeke munthu wodziwa zonse ziwiri. Windows imati "sindikiza tsamba ili," koma pulinta ya Canon ili ndi chilankhulo chake, ya Epson ilinso ndi chake. Driver ndi pulogalamu imene imaima pakati. Sikirini ili ndi wake, Wi-Fi ili ndi wake, zokuzira mawu, kamera, ngakhale disiki imene.

Kale, nthawi ya MS-DOS, munthu ankalemba yekha mayina a ma driver m'fayilo yotchedwa CONFIG.SYS. Windows 95 inabweretsa Plug and Play, kutanthauza kuti mukalumikiza chipangizo kompyuta izichizindikira yokha n'kupeza womasulira woyenera. Masiku ano kompyuta imodzi imakhala ndi ma driver ochuluka kwambiri, koma sikuti onse amaitanidwa poyaka. Windows imawaika m'magulu: amene ayenera kukhalapo kernel ikangodzuka, monga wa disiki, amene amabwera pambuyo pang'ono, ndi amene amaitanidwa pokhapokha chipangizo chawo chikalumikizidwa.

Chimene chimachititsa kuti nkhaniyi ikhale yosamala ndi malo amene ma driver ambiri amagwirira ntchito. Amakhala m'chipinda chimodzi ndi kernel. Pulogalamu wamba ikalakwitsa imangotsekeka yokha, koma driver akalakwitsa amagwetsa kompyuta yonse, ndiye sikirini ya buluu ija imene ambiri amaiopa. Dziko linaziona pa 19 July 2024, pamene fayilo yolakwika ya kampani ya zachitetezo ya CrowdStrike inawerengedwa ndi driver wake wa mu kernel. Microsoft inati makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni anakhudzidwa. Ndege zinalephera kunyamuka, mabanki ndi zipatala m'mayiko ambiri zinavutika, ndipo makompyuta ambiri anafunika munthu awayatse mmodzimmodzi mu Safe Mode, njira yoyatsira kompyuta ndi ma driver ochepa ofunikira okha, kuti achotse fayiloyo. Ndimakumbuka tsikuli nthawi zonse ndikaona munthu akufufuta mafayilo a ma driver asakudziwa ntchito yake.

Cache ndi mtsuko wa pakhomo

Palibe amene amathamangira ku mjigo nthawi iliyonse akamva ludzu. Mumatunga kamodzi, kudzaza mtsuko, n'kumamwa za pafupi. Cache ndi mtsuko umenewu: malo apafupi osungirako zinthu zimene mumazifuna kawirikawiri, kuti musamapite kutali. Mawuwa anachokera ku Chifalansa, kumene amatanthauza malo obisako zinthu. Maganizo ake anawalongosola Maurice Wilkes wa ku Cambridge mu 1965, ndipo IBM inawagwiritsa ntchito pa kompyuta yake ya System/360 Model 85 imene inalengezedwa mu 1968.

Mtsukowu ukutiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, madzi a mu mtsuko si chitsime. Mukawataya simunataye kanthu kosabwerera, koma mwadzipatsa ulendo wina wa ku mjigo. Cache yeniyeni ikafufutidwa kompyuta imaimanganso, ndipo nthawi imene ikuimanga imachedwa kuposa kale. Chachiwiri, madzi akakhalitsa amaipa. Mukasintha driver koma cache n'kukhalabe ndi wakale, kompyuta imamwa madzi ogona. Apa ndi pamene kutsuka mtsuko kumathandiza. Mnyamata woyamba uja ankaganiza za madzi ogona, wachiwiri ankaganiza za ulendo wa ku mjigo.

Zinthu zitatu za mu Windows zimene anthu amaziphatikiza

Choyamba ndi Driver Store, imene inabwera ndi Windows Vista. Imakhala mu foda ya C:\Windows\System32\DriverStore\FileRepository. Kunena zoona, iyi si mtsuko, ndi nkhokwe. Driver aliyense amene munaikapo amasungidwa umu, kuti tsiku lina mukalumikizanso pulinta yomweyo Windows isakupempheni CD kapena intaneti. Nkhokweyi imakula, makamaka ndi ma driver a zithunzi a NVIDIA, AMD kapena Intel, amene phukusi limodzi limatha kufika mamegabayiti mazana angapo, ndipo akale amatsalira atsopano akabwera. Munthu akaona kukula kwa fodayi amaganiza kuti wapeza chimene chikulemetsa kompyuta. Koma Windows siwerenga nkhokwe yonseyi poyaka. Kuichepetsa kumabweza malo pa disiki, sikufulumizitsa kuyaka, kupatula ngati disikiyo inadzaziratu.

Ofuna kuchepetsa ali ndi njira yotetezeka: kutsegula Disk Cleanup, kudina Clean up system files, n'kusankha Device driver packages ngati ikuoneka. Imachotsa ma driver akale amene alowedwa m'malo. Odziwa zambiri amagwiritsa ntchito lamulo la pnputil, limene limaonetsa mndandanda wa ma driver ndi kuchotsa mmodzimmodzi. Kulowa m'fodamo n'kumafufuta pamanja ndi kumene kumaononga, chifukwa Windows imakhalabe ikuganiza kuti zinthuzo zilipo. Palinso mtengo wina woyenera kuuwerengera kuno kwathu. Driver wa pulinta imene simunailumikize lero amaoneka ngati wopanda ntchito. Mukamuchotsa, mawa mugula bandulo kuti mumutsitsenso, ndipo ngati pulintayo ndi yakale mwina simumupezanso mosavuta. Driver wakale ndi amenenso amakupulumutsani watsopano akavuta, kudzera pa batani la Roll Back Driver mu Device Manager.

Chachiwiri ndi Prefetch, imene inayamba ndi Windows XP mu 2001. Mayi wokazinga tchipisi pa Chimbiya sadikira kasitomala afike ndiye ayambe kusenda mbatata. Amadziwa zimene anthu amafuna ndi nthawi yake, amakonzeratu. Windows nayo imaonetsetsa mafayilo amene amawerengedwa poyaka ndi potsegula mapulogalamu, kulemba mndandanda wake mu foda ya C:\Windows\Prefetch, kuti ulendo wotsatira iwatengeretu mwadongosolo. Vista inawonjezera SuperFetch, imene masiku ano imatchedwa SysMain, ndi ReadyBoot, imene imaphunzira kuchokera ku maulendo angapo apitawa a kuyaka. Malangizo oti muzifufuta foda ya Prefetch akhala akuzungulira kuyambira nthawi ya XP. Chimene chimachitika mukatero n'chakuti mayi uja mwamulanda mbatata zosendasenda. Maulendo angapo otsatira kompyuta imachedwa, kenako imaphunziranso n'kubwerera pamene inali. Fodayi ili ndi malire a chiwerengero cha mafayilo, ndipo Windows imachotsa yokha akale.

Chachitatu, chimene chili pafupi kwambiri ndi dzina loti cache ya ma driver, ndi Fast Startup, imene inabwera ndi Windows 8 mu 2012. Usiku wa mu Juni kuno ku Dedza agogo sazimitsa moto wonse. Amakwirira makala ndi phulusa, m'mawa n'kungouzira, moto wayaka. Mukadina Shut down pa Windows ya masiku ano, mapulogalamu anu amatsekedwa, koma kernel ndi ma driver sizizimitsidwa kotheratu. Mmene zinalili m'memori zimalembedwa m'fayilo ya hiberfil.sys, ndipo mukayatsa, Windows imangowerenga fayilo imodziyo m'malo modzutsa driver aliyense payekha. Kusiyana kwake ndi makala n'kwakuti fayiloyi ili pa disiki, choncho siifuna magetsi. Mukhoza kuzula pulagi mlungu wonse, idzakhalapobe. Koma magetsi akathima mwadzidzidzi kompyuta ya pa tebulo ikugwira ntchito, fayiloyi sikhala italembedwa, ndipo ulendo wotsatira kompyuta imayamba kuchokera pachiyambi, nthawi zina n'kuyamba yayendera disiki kuona ngati sipanaonongeke. N'chifukwa chake kuyaka kwa pambuyo pa kuthima kwa magetsi kumakhala kotalika.

Apa pali chinthu chimene ambiri amachimva mozondoka. Restart ndiye imazimitsa moto wonse n'kukoleza watsopano, pamene Shut down imakwirira makala. Ngati driver wa Wi-Fi wasokonezeka, mukhoza kuzimitsa ndi kuyatsa kasanu vuto osachoka, chifukwa vutolo likusungidwa limodzi ndi makalawo. Kudina Restart kamodzi kumalichotsa. Kugwira batani la Shift podina Shut down kumazimitsanso kotheratu. Mukatsegula Task Manager pa gawo la Performance, mukhoza kudabwa kuona kuti kompyuta imene mumaizimitsa madzulo alionse ikuti yakhala ikugwira ntchito masiku khumi. Sikuti yalakwitsa, ikuwerenga kuyambira tsiku limene kernel inadzuka mwatsopano.

Pa Fast Startup akatswiri sagwirizana. Ena amati isiyeni, makamaka pa kompyuta ya hard disk yozungulira, chifukwa kusiyana kwake kumaoneka ndi maso. Ena amati izimitseni, chifukwa imasunga mavuto a ma driver, imachedwetsa zosintha zina zimene zimafuna kuyaka kwatsopano, ndipo imavutitsa amene ali ndi Windows ndi Linux pa disiki imodzi. Linux ikapeza kuti Windows inangokwirira makala, imakana kulemba pa chigawo cha Windows cha disikiyo poopa kuononga mafayilo. Onse awiri akunena zoona, kungoti makompyuta awo ndi osiyana. Posinthira pake ndi mu Control Panel, Power Options, Choose what the power buttons do.

Ku Mac ndi ku Linux

Makompyuta a Apple si ambiri m'mashopu a kuno, koma ndi kumene mawu oti cache ya ma driver anali ndi tanthauzo lake lenileni. Ma driver a macOS amatchedwa ma kext, ndipo amakhala m'mafoda a Extensions. Kuwawerenga mmodzimmodzi ndi kuwalumikiza ku kernel tsiku lililonse kunali kochedwa, choncho dongosololi linkawamanga mtolo umodzi, ngati wamalonda wa pa Lizulu amene amalongedza kabichi ndi mbatata m'matumba madzulo kuti lole ikafika mbandakucha angokweza. Mtolowu unasintha mayina: Extensions.mkext, kenako kernelcache, kenako prelinkedkernel. Foda ya Extensions ikasintha, dongosololi linkazindikira kuti mtolo wakalamba n'kumanga wina. Likalephera kumanga, mwina chifukwa kext ina yaikidwa molakwika, kompyuta inkachedwa kuyaka kapena kupitiriza ndi driver wakale. Mankhwala ake anali kulamula kuti mtolo umangidwenso ndi chida cha kextcache, kapena kuyatsa mu Safe Mode, imene imataya ma cache ena kuti amangidwe mwatsopano. Kuyambira macOS Big Sur mu 2020, Apple inatseka chigawo cha dongosolo kuti munthu asamachisinthe, ndipo chida chatsopano ndi kmutil.

Linux, imene Linus Torvalds anayamba mu 1991, imaonetsa poyera vuto limene madongosolo onse ali nalo. Kuti kernel iwerenge disiki ikufuna driver wa disiki, koma driver ameneyo ali pa disiki yomweyo. Kiyi wa nyumba watsekeredwa m'nyumba. Yankho lake ndi kafayilo kotchedwa initramfs, kamene kamakwezedwa m'memori limodzi ndi kernel, kali ndi ma driver ofunika kuti chitseko chitseguke. Pa Ubuntu ndi Debian kamamangidwanso ndi lamulo la update-initramfs, pa Fedora ndi dracut. Munthu akhoza kusankha kuti mukhale ma driver ambiri, kapena okhawo a kompyuta imeneyo. Kachiwirika n'kopepuka ndipo kamakwera msanga pang'ono, koma anyamata okonza makompyuta amene amachotsa disiki mu laputopu yakufa n'kuiika mu ina akhoza kupeza kuti yakana kuyaka, chifukwa kiyi wa nyumba yatsopanoyo mulibe.

Kuyeza musanakhudze

Ma cache ofulumizitsa kuyaka, monga Prefetch ndi Fast Startup, anapangidwa makamaka chifukwa cha kuchedwa kwa hard disk. M'kati mwake muli mbale yozungulira, kawirikawiri maulendo 5400 pa mphindi pa laputopu, ndi kamkono kamene kamayenda kukafuna fayilo iliyonse. Fayilo imodzi yaikulu imawerengedwa bwino, koma timafayilo masauzande tomwazikana timatopetsa kamkonoko. SSD, disiki ya mtundu watsopano, ilibe chozungulira chilichonse, imapeza fayilo iliyonse pafupifupi nthawi yomweyo. Pa kompyuta ya SSD phindu la Prefetch ndi Fast Startup limachepa kwambiri. Laputopu ya mayi uja ili ndi hard disk yozungulira ndi memori ya 4 GB, ndipo maganizo anga ndi akuti pa kompyuta yotere palibe kufufuta kumene kungafanane ndi kuikamo SSD. Koma SSD ndi ndalama, pamene kuyeza n'kwaulere.

Windows imasunga yokha mbiri ya kuyaka kwake. Mu Task Manager, pa gawo la Startup, makompyuta ambiri amaonetsa Last BIOS time, masekondi amene anatha Windows isanayambe, komanso mndandanda wa mapulogalamu odziyatsa okha ndi kulemera kwa iliyonse. Mu Event Viewer, pansi pa Diagnostics-Performance, nambala 100 imanena nthawi yonse ya kuyaka, ndipo 102 imatchula driver amene anachedwa kudzuka. Pa Linux lamulo la systemd-analyze limagawa nthawiyo chigawo ndi chigawo. Driver wina akatchulidwa mobwerezabwereza, chochita ndi kumusintha kapena kubwerera kwa wakale, osati kusesa foda yonse. Mapulogalamu otsatsidwa pa intaneti olonjeza kuyeretsa ma cache onse ndi kusintha ma driver onse podina kamodzi ndimawaopa, chifukwa amakhudza chipinda cha kernel popanda kukuuzani chimene achotsa.

Mafunso amene adakalipo

Loyamba ndi la Fast Startup yomweyi. Inapangidwa nthawi imene hard disk inali paliponse. Popeza makompyuta atsopano amabwera ndi SSD, kodi masekondi ochepa amene imapulumutsa akulingana ndi mavuto amene imasunga? Imabwerabe yoyatsa pa makompyuta ambiri, ndipo okonza makompyuta ambiri amaizimitsa akangoigwira.

Lina ndi lalikulu: ndani ayenera kuloledwa m'chipinda cha kernel? Apple inayamba mu 2019 kutulutsa ma driver kunja kudzera mu DriverKit. Pambuyo pa ngozi ya CrowdStrike, Microsoft inalengeza kuti ikukonza njira yoti mapulogalamu a chitetezo azigwira ntchito kunja kwa kernel. Ochirikiza amati kompyuta idzakhala yovuta kugwa. Okayikira amati mphamvu zonse zikupita kwa mwini dongosolo, ndipo mwini kompyuta sadzathanso kukonza yekha zinthu zimene kale ankakonza.

Pomaliza pali funso limene likukhudza mashopu ngati a mayi uja mwachindunji. Mu 2023 Microsoft inalengeza kuti pang'onopang'ono isiya kugawa ma driver a makampani opanga mapulinta kudzera mu Windows Update, kuti mapulinta azigwiritsa ntchito driver mmodzi wa onse. Ndipo pa 14 October 2025 chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10 chinatha, pamene Windows 11 imafuna chipangizo cha chitetezo chotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, zimene malaputopu ambiri akale alibe. Mapulinta ndi makina ofotokopa ambiri a m'matauni athu ndi akale, ogulidwa kwa ena, ndipo amadalira driver wa kampani yake. Kodi driver wa onseyo adzamva chilankhulo cha pulinta ya zaka khumi ndi zisanu? Ngati sadzamva, ndiye kuti driver wosungidwa m'nkhokwe ya laputopu yakale ija akhoza kukhala yekhayo amene mayiyo ali naye, ndipo sizikudziwika kuti adzagwirabe ntchito pa kompyuta imene adzagule pambuyo pake.